Mphepo Yodziwa Nyimbo

Nyimbo ija imandipezabe. Ndikhoza kukhala pakhonde ndikuswa mtedza, dzuwa litapendeka, osaganiza kanthu, ndiye ndingomva yayamba yokha m'mutu. Inalibe mawu. Inkayamba ndi limba, pang'onopang'ono, ngati munthu woyenda m'nyumba mwa eni osafuna kudzutsa mwana, kenako pakati pake n'kulowa chitoliro. Inali nyimbo yoyambira sewero lina la pa tivi. Dzina la sewerolo musandifunse. Linkalembedwa m'Chingerezi cha zilembo zopindikapindika, ndipo ife tinkangoti "za anthu aja".

Tivi inabwera pakhomo pathu chaka chimene fodya wa abambo anayenda bwino ku okushoni. Tinali titangovota kumene voti ya zipani zambiri, ndipo anthu anayamba kugula zinthu zimene kale ankachita nazo mantha ngakhale kufunsa mtengo. Ena anagula malata, ena ngolo. Abambo anga, munthu amene nsapato ankavala tsiku la tchalitchi lokha, anawoloka malire n'kubwerako ndi tivi pakaliyala ya njinga, ataikulunga m'bulangete. Kuno kwathu nthawi imeneyo kunalibe koulutsira zithunzi, koma ife a kwa Mlonyeni tinkatola za ku Zambia, bola eriyo ikwere m'mwamba ndipo iloze koyenera.

Inali yaing'ono, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, yoyendera batire ya galimoto imene abambo ankakatchajitsa ku boma. Eriyo anaimanga kunsonga kwa nsungwi yaitali, nsungwiyo n'kuimangirira kumzati wa khonde ndi mphira za chubu cha njinga. Mphepo ikaomba, nsungwi inkapotoka, anthu n'kuthawa pagalasi, kutsala timadontho tophiriphitha timene tinkati mpunga. Pamenepo wina ankayenera kutuluka kukapotoza nsungwi, a m'nyumba akukuwa pawindo: "Apo! Ayi, wapitirira! Bwerera! Basi, usagwirenso!" Ntchito imeneyi inagwera ine. Ndinali mtsikana wamkulu ndithu, sukulu nditasiya, manja olimba ndi khasu.

Abambo anaika lamulo loti batire ndi ya nkhani za madzulo ndi mpira basi. Lamulolo analithyola okha chifukwa cha achemwali anga.

Achemwali anakwatiwa ku Chipata ndili wamng'ono. Amuna awo atamwalira, anabwera kwathu ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa chosatha. Matendawo sitinkawatchula dzina, ngakhale aliyense ankawadziwa. Amayi anali atatisiya kale, choncho wowasambitsa, wowaphikira phala, wowachapira, ndinali ine. Anali munthu wa nthabwala, wolankhula Chinyanja cha kutsidya chodzaza ndi "manje" ndi "chabe", koma nthabwala zimafuna omvera, ndipo omverawo ndi amene anasowa. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzazonda, inde, koma ankaima pakhomo, "Kaya odwala adzuka bwanji?" mwendo umodzi uli kale panjira. Ukawapatsa madzi m'kapu ya pakhomo pathu, ati ndamwa kumene. Zinkandipsetsa mtima zimenezi, ndipo sindibisa, ena ndinawayankha mawu amene mtsikana sayenera kuuza amsinkhu wa mayi ake.

Ndiye taonani zodabwitsa. Tivi itangofika, amayi omwe aja anayamba kulowa. Dzuwa likapendeka unkangowaona akubwera mmodzimmodzi, lichero la mtedza pamutu, ati tidzaswere konkuno. Poyamba ankakhala chakukhomo. Koma kagalasiko kanali kakang'ono, woonera patali ankangoona utsi, ndiye tsiku ndi tsiku ankasendera, mpaka anadzafika pamphasa pomwe achemwali ankagona chotsamira pilo. Ine ndinkafuna kuwanyoza, koma achemwali ankanditsina. "Asiye chabe, iwe. Bola abwera."

Nkhani ya sewerolo sitinkaimva kwenikweni. Anthu ake ankalankhula Chingerezi cha m'mphuno, kukangana ataima, kulira osagwa pansi, kupsompsonana poyera mpaka azakhali anga, alongo awo a abambo, ankaphimba kumaso ndi chitenje kwinaku diso limodzi lili panja. Chimene tinkachidziwa bwino, chimene chinali chathuchathu, ndi chiyambi chija, poti chinkabwera chimodzimodzi tsiku lililonse.

Ndinkapachika chitenje pawindo kuti m'nyumba mude. Kuwala kunkalowabe m'timabowo ta malata, fumbi la makoko a mtedza likuyandama m'menemo. Limba likayamba, zala zonse zinkaima m'malichero. Pagalasi pankaoneka geti lachitsulo likutseguka lokha, popanda woligwira. Kenako msewu wautali, mitengo uku ndi uku ikugwetsa masamba, ndipo iwe woonera unkachita ngati wanyamulidwa, ukuyenda osaponda pansi, kulowera kunyumba yaikulu ya mawindo ambirimbiri. Chitseko chinkatseguka. Pamenepo anthu ake ankayamba kubwera mmodzimmodzi, aliyense ali pa zake, n'kutembenuka ngati wina wamuitana kumbuyo. Woyamba anali bambo wa ndevu zoyera, akutseka buku. Kenako mayi wonenepa wa ndolo zazikulu, mnyamata wa mano ambiri atatsamira galimoto, dokotala akuvula magalasi. Aliyense ankatiyang'ana ife, m'nyumba yathu ya kwa Mlonyeni yonunkha mtedza ndi mankhwala, n'kumwetulira.

Azakhali ankayankha. Zoona, ankayankha! Bambo wa ndevu akatembenuka, iwo, "Tili bwino, kaya inu abambo." Mayi wa ndolo akatembenuka, "Zikomo, mwaswera." Ana akaseka, azakhali ankawakalipira kuti munthu akakuyang'ana n'kumwetulira umayankha, sunaleredwe ndi mbuzi. Mnyamata wa galimoto yekha ndiye sankamuyankha, ati maso ake ndi a wakuba akazi a eni.

Limba likatsika, chitoliro n'kulowa, pankabwera mayi wa pawindo. Ankaima chotifulatira, kapu ili m'manja, katani yoyera ikuuluka pambali pake. Iyeyu sankafulumira ngati anzake. Ankayamba wapendeketsa mutu, khosi lake lalitali, kenako n'kutembenuka pang'onopang'ono, ndipo kumwetulira kwake kunkachedwa, kuyambira m'maso. M'nyumba munkangoti zii, ngakhale chifuwa cha achemwali chinkakhala ngati chadikira.

Tsiku lina azakhali, amene m'kamwa mwawo simugona mawu, analoza pagalasi ndi khoko la mtedza, n'kutembenukira achemwali. "Uyo ndi iwe uja, mwana wa achimwene. Khosi lomwelo. Ndi mmene unkatembenukira usanayambe kudwala."

Ine ndinafuna kuwameza amoyo. Koma achemwali anaseka mpaka kutsokomola, n'kudzigwira khosi. Kuyambira tsiku limenelo mayi wa pawindo anakhala iwowo. Chitoliro chikamayandikira, amayi aja ankawagwedeza phazi, phazi lomwe lija ankaliopa, "Konzekani, mukubwera!" Achemwali ankakonza mpango kumutu n'kunena kuti, "Manje muone mmene timachitira ku tauni." M'kati mwa sewero mayiyo anali atakwera ndege kalekale, sankaonekanso, koma pachiyambi ankabwerabe tsiku lililonse. Achemwali ankati, "Mwaona? Ndilipo. Nthawi yonse imene uyo akutembenuka, ine sindipita kulikonse." Ankanena moseka, ife n'kuseka nawo. Koma ine amene ndinkawasambitsa ndinaona kuti tsiku la sewero ankamaliza phala, ndipo Loweruka ndi Lamulungu, popanda sewero, ankalisiya.

Mwezi wa Ogasiti, Lolemba lina, thupi linawatentha kwambiri moti sanathe kutuluka kuchipinda. Anagona tulo tolemera. Amayi aja anabwerabe ndi malichero awo, abambo n'kunena kuti yatsani koma motsitsa mawu. Limba linayamba monga mwa masiku onse. Geti, msewu, masamba, bambo wa ndevu. Chitoliro chinalowa. Pawindo panalibe munthu. Windo lenilenilo panalibe. M'malo mwake kanatulukira katsikana ka tsitsi lalifupi kakutsika masitepe mothamanga ndi galu, n'kutiseka ngati timadziwana.

Azakhali anagwira pakamwa. "Mayo ine, wamwalira," ananong'ona.

Abambo anati ayi, anthu amenewa ndi aganyu, mwina wangosiya ntchito. Amayi onse anawatembenukira. Munthu angasiye ntchito yongoima pawindo ndi kapu ya tiyi? Ntchito yopanda khasu, yopanda dzuwa? Ayi, ameneyo wapita basi, ndipo abale ake achotsa chithunzi kuti asamalire akachiona. Kwathu chithunzi cha malemu timachitembenuza kapena kuchiika m'sutikesi, ndiye ife tinaona kuti azungunso amatero. Mayi wina anayamba kusisima, n'kuyang'ana kukhomo la kuchipinda. Wina anatchula mawu oti malodza.

Ine za malodza sindinazisamale. Chimene chinandigwira pamtima ndi phala lija. M'maganizo ndinaona achemwali akukonza mpango, akudikira mayi wa pawindo, kenako n'kutulukira galu. Ndinawauza amayi aja, ndipo ndinawauza mosanyengerera, kuti aliyense amene atsegule pakamwa pake pa nkhaniyi asadzapondenso pakhomo pano, akaonere tivi ya kwawo ngati ali nayo. Azakhali ndinachita kuwayang'ana m'maso. Anati, "Iii, mwana iwe, ine ndine mwana?" Koma analonjeza.

Achemwali atapezako bwino n'kubwerera pamphasa, ine ndinali nditaganiza kale chochita. Limba litangoyamba ndinati, "Chithunzichi chikugwedera, ndikagwire nsungwi," n'kutuluka. Ndinaima kumzati wa khonde, manja onse awiri pansungwi, khutu kuwindo. Nyimboyo ndinkaidziwa ngati njira ya kudimba. Limba litayamba kutsika, ndinapotoza. M'nyumba munamveka phokoso la mpunga, shiii, ndi mawu a achemwali, "Aaa, iwe, wandithawitsa!" Ndinadikira mpaka pamene ndinadziwa kuti galu watsika masitepe ake, n'kubweza nsungwi pamalo pake. Nditalowa ndinati ndi mphepo. Ogasiti kwathu ndi mwezi wa mphepo, akamvuluvulu amangoyenda m'minda yopanda kanthu, ndiye bodzalo linali ndi poima.

Mawa lake ndinachita chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, mpaka inangokhala ntchito yanga. Ndipo ndinene zoona, panja paja ndinayamba kupakonda. Nyimbo ija ukaimvera kunja, kudzera m'chitenje cha pawindo, inkamveka ngati ikuchokera kutali, kuseri kwa mapiri a m'malire amene ankaoneka obiriwira motuwa ndi utsi wa lupsa. Nsungwi inkanjenjemera m'manja mwanga. Ndinkayang'ana eriyo kumwamba, tizitsulo topingasa tija, n'kumadabwa kuti anthu onse aja, ndi nyumba yawo, ndi galimoto, amadutsa bwanji m'mlengalenga mopanda kanthu chonchi, pamwamba pa zigafa za fodya ndi nkhokwe, osagwa. Ndinkaganiza kuti mwina mayi wa pawindo akadali momwemo penapake, wangosochera, ndipo nditapotoza bwino kuloza kwina ndikhoza kumupeza akadali ndi kapu yake m'manja. Ngolo inkadutsa pamsewu, ng'ombe zikuyenda mwaulesi. Nkhuku zinkafukula m'makoko a mtedza pafupi ndi mapazi anga. Ine ndili chiimire, kudikira chitoliro.

M'nyumbamo zinthu zinasintha, koma ine sindinadziwe msanga, poti nthawi yake ndinkakhala panja. Ndinkangoona kuti ndikalowa anthu ali chete kuposa kale, maso ali m'malichero. Azakhali anali atasiya kupereka moni kwa bambo wa ndevu. Phala linayambanso kutsala m'mbale, ngakhale tsiku la sewero. Ine ndinkati ndi matenda akukula, ndipo ndinkapotoza nsungwi mwamphamvu kuposa kale, ngati kuti mphamvu zangazo zithandiza kanthu.

Ogasiti anatha, Seputembala anatha. Unafika Okutobala, mwezi umene ngakhale tsamba la mango silitekeseka. Kunkatentha moti malata ankalira okha. Tsiku lina ndinali nditawasambitsa achemwali masana, ndikuwadzoza mafuta kumsana, amayi aja asanafike. Msana wake unali utatha, mafupa okhaokha, ndipo ndinkadzoza mopepuka kuopa kuwapweteka.

"Iwe," anatero, osatembenuka.

"Ee, achemwali."

"Mphepo ya kuno kwanu inapita kusukulu?"

Ndinasiya kudzoza, dzanja lili pamsana.

"Ndikufunsa. Mphepo yanji yodziwa nyimbo? Limba ikulisiya, bambo wa ndevu ikumusiya, ikudikira chitoliro chabe. Manje kunja kulibe ngakhale kamphepo kouluza nthenga, koma lero iombanso, si choncho?"

Ndinayesa kunena za mphira kuti zatha, zafooka ndi dzuwa. Anandidula.

"Mayi wa pawindo uja anamuchotsa. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe."

Ndinapsa mtima nthawi yomweyo. "Ndi azakhali eti? Ndinawauza ine! Dikirani abwere."

"Khala pansi, wamva? Palibe anandiuza. Ukatuluka iwe, chitoliro chikangoyamba, onse amasiya tivi n'kuyang'ana ine. Amandiyang'ana ngati mmene timayang'anira munthu ali m'bokosi, kuti tione komaliza. Azakhali mpaka milomo imanjenjemera. Ndiye ine ndine chitsiru kuti ndisadziwe?"

Anapumira kaye, poti mawu ambiri ankawatopetsa. Ine misozi inali itayamba kale, ya mkwiyo ndi ya chisoni pamodzi.

"Mzungu uja ndimudziwa ine? Ndi mbale wanga? Apite, kaya wamwalira kaya wakwatiwa, ndi zake. Ine chimene ndinkakondera nyimbo ija n'choti ikayamba, nonse munkaiwala kuti ndikudwala. Munkandigwira phazi, kundiseka, kundikankha kuti sendera tione. Kanthawi kochepa kaja ndinkakhala munthu ngati wina aliyense. Manje iwe, mng'ono wanga, amene suopa kundigwira, nthawi yomweyo ndi imene umathawira panja kukakumbatira nsungwi, kundisiya ndi maso a anthu."

Ndinalira ngati mwana, nkhope ili paphewa lawo. Anandisiya ndilire, kenako anati ndikuwanyowetsa pamene angosamba kumene.

Musaganize kuti ndikudandaula kuti ndinachita zimenezo. Ndinkateteza mbale wanga ndi chimene ndinali nacho, ndipo chimene ndinali nacho chinali nsungwi. Chimandiwawa ndi masana onse aja amene ndikanakhala pambali pawo.

Amayi aja atafika, ndinapachika chitenje pawindo, kulumikiza mawaya kubatire, n'kukhala pamphasa. Azakhali anandiponyera diso, n'kuloza kukhomo ndi mlomo. Ndinachita ngati sindinaone. Limba linayamba. Anandiponyeranso diso, mpaka kutsokomola chabodza. Achemwali anati, "Azakhali, chifuwacho mwatengera ine?" Mayi wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, azakhali akuti, "Mwana wopanda mwambo iwe," uku akupukuta m'maso.

Geti linatseguka, tinayenda mumsewu wa masamba uja, bambo wa ndevu anatseka buku lake. Achemwali anasendera, n'kuika mutu pamiyendo panga. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu wouma. Chitoliro chinalowa, katsikana kaja n'kutsika masitepe ndi galu wake.

"Ha! Ameneyu ndiye walowa m'malo mwanga?" anatero achemwali. "Kopanda ndi khosi komwe. Galuyo ndiye wokongolako."

Anthu anaseka mpaka lichero lina linagubuduka, mtedza n'kumwazika pamphasa. Tinatola tonse, manja akugundana, ndi achemwali omwe anatolako wapafupi n'kuponya m'lichero la azakhali, ndipo azakhali sanausankhe padera. Sewero linapitirira, anthu ake akukangana za kwawo, koma ine sindinaone chilichonse. Ndinkangomva kulemera kochepa kuja pamiyendo panga, ndi kutentha kwa mutu wawo kudutsa m'chitenje.

Patapita nthawi anayamba kusuntha mutu uku ndi uku, kufuna pabwino.

"Iwe, mawondo akowa akundilasa. Waonda liti chonchi?"

"Sindinaonde."

"Waonda. Ukumandipatsa ine phala, iwe osadya. Uzidya, wamva? Angayambe kukuyang'ana iwenso."

Ndinalonjeza kuti ndizidya. Madzulo amenewo tinadyera mbale imodzi, iwo masipuni ochepa, ine chotsalacho, akundiyang'anira mpaka ndinakombeza. Masana onse amene anatsala ndinakhala pamphasa paja, ndipo nsungwi ikapotoka, wotuluka kukaipotoza anali abambo. Sanali masana ambiri. Mvula yoyamba inagwa titawaika kale, ndipo ndimawasowa mpaka lero.